Mtengo wa Pakhomo ndi Udindo wa Mwini Wake

[NYIMBO YOTSEGULIRA, IZILALE PANG'ONOPANG'ONO]

WOULUTSA: Pulogalamu ino ya maphunziro ikufotokoza za mitengo ya pakhomo, kutanthauza mitengo imene ili pabwalo, kuseri kwa nyumba kapena m'malire a anthu oyandikana, kusiyana ndi ya m'nkhalango za boma kapena ya m'minda ya makampani. Nkhaniyi ikukhudza mabanja ambiri m'Malawi muno, chifukwa ndi makomo ochepa amene alibe mango, mapeyala, bulugamu, malaina kapena kesha, ndipo mitengo yambiri imene inabzalidwa pamene malo anali otakasuka tsopano yakula kupitirira madenga ndi mawaya a magetsi, pamene nyumba nazo zachuluka ndi kuthithikana. Mfundo imene pulogalamuyi ikutsindika ndi yakuti munthu amene ali ndi mtengo pakhomo ali ndi chuma, koma chumacho chimadza ndi udindo umene umayamba tsiku lobzala ndi kutha tsiku lozula chitsa, ndipo ndalama zosamalira mtengo nthawi ikadalipo n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zimatayika mtengowo ukagwera nyumba kapena munthu.

GAWO LOYAMBA: ZIMENE MALAMULO AMANENA

Lamulo lalikulu loyang'anira mitengo m'dziko muno ndi Lamulo la Zankhalango la mu 1997, limene Nyumba ya Malamulo inalikonzanso mu 2020 pofuna kukhwimitsa zilango, ndipo limayendetsedwa ndi Nthambi ya Zankhalango, imene ili ndi ofesi m'boma lililonse. Lamuloli limasiyanitsa mtengo wobzala ndi mtengo wachilengedwe. Mtengo wobzala ndi umene munthu anauika yekha m'nthaka pamalo amene ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito, ndipo lamulo limamupatsa mphamvu yokolola mtengowo ndi kugulitsa zotuluka mwa iwo. Mtengo wachilengedwe ndi umene unamera wokha, monga msuku, mombo kapena muwanga, ndipo ngakhale lamulo limazindikira kuti amene wausunga ndi kuuteteza pamalo ake ali nawo umwini, limafuna kuti kakololedwe kake kakhale kosawononga, kotero kuti mwini malo sangapulule mitengo yotereyi n'kumagulitsa popanda chilolezo.

Pamwamba pa izi pali mitundu ya mitengo yotetezedwa mwapadera chifukwa chakuti matabwa ake ndi apamwamba ndipo ikutha msanga, monga mlombwa, m'bawa, muwanga, tsanya, msambamfumu ndi mkungudza wa ku Mulanje, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lino mu 1984 ndipo lero uli pafupi kutheratu m'phirimo. Mwini nyumba amene ali ndi mtengo wa mtundu wotere pakhomo pake, ngakhale atakhulupirira kuti anabzala ndi makolo ake, amachita bwino kukaonana ndi alangizi a zankhalango asanaugwetse, chifukwa chipika cha m'bawa chikakhala pagalimoto sichionetsa ngati chachokera pabwalo la munthu kapena m'nkhalango yotetezedwa. Pa chifukwa chomwechi, kunyamula matabwa, zipika kapena nkhuni zambiri pamsewu kumafuna chikalata cha ku ofesi ya zankhalango chosonyeza kumene katunduyo wachokera, ndipo wopanda chikalatachi angathe kulandidwa katundu wake pa malo achipikisheni. Makala nawo ali ndi lamulo lake, pakuti kuwotcha ndi kugulitsa makala kumafuna chiphaso, choncho munthu asaganize kuti kukhala mwini mtengo kumamumasula ku lamulo limeneli.

Funso lina ndi la nthaka imene mtengo waimapo. Malamulo a zamalo a mu 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, ndiwo amalongosola ufulu wa munthu pa nthaka, ndipo m'moyo wa tsiku ndi tsiku mwini nyumba amakhala pa malo a makolo oyang'aniridwa ndi mafumu, kapena pa malo a lizi, kutanthauza malo obwereka kwa zaka zowerengeka pa mapangano olembedwa, kapena pa malo akeake olembetsedwa. Pa malo a lizi, chikalata cha mapangano chingathe kukhala ndi mawu okhudza kasamalidwe ka malowo, ndipo chiyenera kuwerengedwa. Pa malo a makolo, mfumu pamodzi ndi komiti ya m'mudzi yoyang'anira zachilengedwe ali ndi mawu pa mitengo yachilengedwe ndi pa nkhalango ya mudzi, ndipo mitengo ya kumanda sidulidwa popanda chilolezo cha mfumu, ngakhale nthambi zake zitafika pa munda kapena pa nyumba ya munthu. M'madera a chikamwini, kumene mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, mitengo yobzalidwa ndi mkamwini imadzetsa milandu banja likatha kapena maliro akagwa, popeza wobzala ndi wina ndipo eni nthaka ndi ena, choncho nkhani yotere imayenera kukambidwa pamaso pa ankhoswe ndi mfumu nkhwangwa isanagwire ntchito.

M'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, makhonsolo ali ndi mphamvu yopanga malamulo awoawo potsata Lamulo la Maboma Aang'ono la mu 1998, ndipo ndiwo amayang'anira mitengo ya m'misewu ya mumzinda, m'mapaki ndi m'malo ena a anthu onse. Mtengo umene uli kunja kwa mpanda, m'mbali mwa msewu, kawirikawiri umakhala pa malo osungidwira msewu, amene ali m'manja mwa khonsolo kapena bungwe la Roads Authority, ndipo ngakhale mwini nyumba ndiye amasesa masamba ake, alibe ufulu woudula mwa yekha. Palinso mitengo yosungidwa chifukwa cha mbiri, monga mtengo wa ku Nkhotakota umene umakumbukiridwa kuti David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 pa nkhani ya malonda a akapolo, ndipo mitengo yotere imatetezedwa monga zipilala za fuko. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani ya mitengo, ulendo umodzi wa ku khonsolo kapena ku ofesi ya zankhalango umapulumutsa munthu ku chindapusa ndi ku mlandu.

[NYIMBO YAIFUPI]

GAWO LACHIWIRI: MALIRE, ANANSI NDI MAWAYA A MAGETSI

Mikangano yambiri ya mitengo imabuka pa malire, chifukwa mtengo sudziwa pamene poloti lathera. Makhoti a dziko lino, kuyambira mu 1902, akhala akugwiritsa ntchito mfundo zambiri za malamulo ochokera ku England pa milandu ya pakati pa anthu, ndipo malinga ndi mfundozi, mwini mtengo ndi munthu amene tsinde lake lili pa malo ake, tsinde kutanthauza pamene thunthu latulukira m'nthaka. Nthambi zolowa kwa mnansi zimakhalabe za mwini tsinde pamodzi ndi zipatso zake, koma mnansi wovutika nazo ali ndi ufulu woti zichotsedwe mpaka pa malire, malinga ngati salowa m'poloti la mnzake popanda chilolezo ndiponso sadula mwanjira yopha mtengowo kapena youchititsa kupendama. Ngati tsinde lili pa mzere weniweni wa malire, mtengowo umatengedwa kuti ndi wa onse awiri, ndipo mmodzi sangaugwetse mnzake asanavomere.

Mtengo ukagwera katundu wa mnansi, funso limene bwalo la milandu limafunsa ndi lakuti kodi mwini wake ankadziwa, kapena anayenera kudziwa, kuti mtengowo unali woopsa, ndipo ngati ankadziwa anachitapo chiyani. Uku ndiko kumatchedwa kunyalanyaza udindo, kutanthauza kulephera kuchita zimene munthu woganiza bwino akanachita pofuna kupewa ngozi yooneka ndi maso. Mtengo wathanzi umene wazulidwa ndi namondwe woposa muyeso suika mlandu waukulu pa mwini wake, koma mtengo wouma, wobowoka kapena wopendama, umene anansi akhala akuudandaula kwa miyezi, ukagwa umasiya mwini wake ndi ngongole ya malata, mpanda, galimoto, ndalama za kuchipatala, ndipo nthawi zina chipukuta misozi cha moyo wa munthu. Mnansi amene akuona ngozi amachita bwino kuyamba n'kulankhula mwaulemu, ndipo ngati sizikumveka, kulemba kalata ya deti ndi kusunga ina, kujambula mtengowo pafoni, kenaka kutengera nkhaniyo kwa mfumu, kwa atsogoleri a dera kapena ku khonsolo, popeza bwalo la milandu ndi njira yotsiriza, yodya ndalama ndi nthawi, yosiyanso chidani pakati pa anthu amene adzafunanabe pa matenda ndi pa maliro.

Pa nyumba ya lendi, mitengo ndi ya mwini nyumba, kaya ndi munthu wamba kaya ndi bungwe monga Malawi Housing Corporation, choncho wochita lendi sayenera kudula mtengo kuti apeze nkhuni kapena malo olima popanda chilolezo. Komabe iye ndiye amakhala pamalopo tsiku ndi tsiku, ndipo ali ndi udindo wodziwitsa mwini nyumba msanga, makamaka polemba, akaona nthambi yothyoka kapena ming'alu pakhoma pafupi ndi mizu. Mwini nyumba amene walandira uthenga wotere n'kukhala chete wadziikira yekha umboni womutsutsa. Amene anaika nyumba yawo pa inshuwaransi ayenera kuwerenga mapangano awo mosamala, chifukwa mapangano ambiri amalipira zowonongeka ndi mphepo yamkuntho koma amakana zowonongeka chifukwa cha kusasamala, ndipo ena salipira ntchito yochotsa mtengo wogwawo.

Ngozi yoopsa kuposa zonse ndi ya magetsi. Mawaya ogawa magetsi m'madera amanyamula mphamvu ya mavoti 11,000 kapena 33,000, ndipo olowa m'nyumba amanyamula mavoti 230, amene ndi okwanira kupha munthu. Mtengo wauwisi uli ndi madzi ambiri ndipo magetsi amadutsamo, kotero kuti munthu wogwira nthambi imene yakhudza waya amagwidwa ngakhale iye mwini sanakhudze wayayo, ndipo pa mawaya a mphamvu zambiri magetsi amatha kudumphira pa chinthu chimene changoyandikira. Bungwe la ESCOM limasunga mpata pansi ndi m'mbali mwa mawaya ake ndipo limasadza mitengo yolowa mumpatawo, choncho mwini nyumba amene mtengo wake wayandikira mawaya asatume mwana kapena waganyu kukwera, koma adziwitse bungweli kuti lizimitse magetsi kapena litumize antchito ake. Mtengo ukagwetsa waya, wayayo iyenera kutengedwa kuti ili ndi moto ngakhale m'dera monse mutakhala mdima, chifukwa magetsi amatha kuyaka nthawi ina iliyonse, ndipo ana ndi ziweto ayenera kutalikitsidwa mpaka akatswiri atafika.

[NYIMBO YAIFUPI]

GAWO LACHITATU: KUZINDIKIRA NGOZI NDI KUSAMALIRA MTENGO

Mtengo sukonda kugwa mosachenjeza, ndipo mwini nyumba amene amauyendera kawiri pa chaka, mvula isanayambe cha mu Okutobala ndiponso itatha cha mu Epulo, amaona zizindikiro nthawi ikadalipo. Ayambe kuyang'ana pansi, ngati nthaka yang'ambika kapena yatukuka mbali imodzi ya tsinde, chifukwa zimenezi zimasonyeza kuti mizu yayamba kuzuka. Bowa wolimba womera patsinde kapena pathunthu ndi chizindikiro chakuti mkati mukuwola, monganso mphako, utuchi wotuluka m'timabowo, ndi dothi la chiswe lokwera m'ming'alu. Ayang'anenso mphanda, kutanthauza pamene thunthu lagawikira pawiri, chifukwa mphanda yopanikizana imene makungwa apindikira mkati imang'ambika mosavuta pa mphepo. Pomaliza ayang'ane kumwamba, ngati nsonga zikuuma pamene mitengo ina ya mtundu womwewo ili yobiriwira, ndiponso ngati mtengo umene unali woongoka wayamba kupendama chaka chino, popeza kupendama kwatsopano n'koopsa kuposa kumene mtengo unakula nako.

Mitengo yambiri ya pakhomo imaphedwa ndi eni ake osadziwa. Mizu yambiri ya mtengo imakhala m'dothi lapamwamba, losapitirira mita imodzi kuya kwake, ndipo imayala kutali kupitirira pamene nthambi zathera, choncho munthu wokumba maziko a mpanda, ngalande kapena dzenje la chimbudzi pafupi ndi tsinde amadula mizu yogwiriziza mtengo mbali imeneyo, ndipo zotsatira zake zimadzaoneka patapita chaka kapena ziwiri, nthaka ikafewa ndi mvula. Kuwotcha zinyalala patsinde kumapha mnofu wa pansi pa khungwa, umene umatsitsa chakudya kuchokera kumasamba kupita kumizu, ndipo kusenda makungwa kuzungulira thunthu lonse pofuna mankhwala kapena luzi kumachitanso chimodzimodzi. Kukwirira tsinde ndi dothi, kapena kuthira simenti pabwalo lonse mpaka kugunda thunthu, kumamana mizu mpweya ndi madzi.

Kusadzira, ndiko kuchotsa nthambi zina kuti mtengo ukule bwino, ndi ntchito yofunika kuchitika mwaluso. Nthambi yaikulu imadulidwa katatu: poyamba imachekedwa pang'ono cha kunsi, patali pang'ono ndi thunthu, kachiwiri imadulidwa kuchokera pamwamba, kutsogolo kwa pochekapo, kuti igwe popanda kusenda khungwa la thunthu, kachitatu chotsalacho chimachotsedwa pafupi ndi thunthu, koma kusiya kamkombero kotupa kamene kali pamene nthambi yalumikizana ndi thunthu, chifukwa m'kamkombero kameneka ndimo mumachokera mnofu wotseka bala. Akatswiri amalangiza kuti pa chaka chimodzi pasachotsedwe nthambi zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a masamba onse. Chizolowezi chodula mutu wonse wa mtengo n'kusiya thunthu lokha chimaoneka ngati chochepetsa ngozi, koma chimaichulukitsa, chifukwa podulapo pamalowa madzi ndi kuwola, ndipo mphukira zotulukapo zimakula msanga zitangomata kunja kwa thunthu, kotero kuti pakapita zaka zochepa zimakhala nthambi zolemera zosagwira bwino. Mitengo ya mthunzi imasadziridwa bwino m'chilimwe mvula isanagwe, pamene ya zipatso monga mango imasadziridwa zipatso zikangotha.

Si mtengo uliwonse wokayikitsa umene uyenera kugwetsedwa. Nthawi zambiri kuchotsa nthambi zouma ndi kupepukitsa mbali yolemera kumakwanira, ndipo mtengo wosungidwawo umapitiriza kuziziritsa nyumba m'nyengo yotentha, kutchinga mphepo yosasula madenga ndi kugwira nthaka. Namondwe wa Freddy, amene anagwa m'mwezi wa Malichi 2023 ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera, anawononga kwambiri madera monga Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, kumene matope ndi miyala zinatsika kuchokera m'malo otsetsereka amene mitengo yake inali itatha. Phunziro la tsokali kwa mwini nyumba wa pamtunda ndi lakuti mtengo wa pakhomo pake umatetezanso anthu okhala kumunsi kwake, choncho kuopa mphepo kusamuchititse kupulula mitengo yathanzi.

[NYIMBO YAIFUPI]

GAWO LACHINAYI: NTCHITO YODULA NDI NDALAMA ZAKE

Mtengo ukafika posapulumutsika, ntchito yodula imachitika m'njira imodzi mwa ziwiri. Njira yoyamba ndiyo kugwetsa mtengo wathunthu, imene ndi yachangu ndiponso yotchipa, koma imafuna malo, chifukwa anthu onse osagwira nawo ntchitoyo ayenera kutalikira ndi mtunda wowirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo, ndiye kuti bulugamu wa mamita 20 amafuna kuti pasakhale munthu mkati mwa mamita 40 kuzungulira, ndipo mapoloti ambiri a m'tauni alibe mpata wotere. Wodula waluso amayamba n'kusema kamwa mbali imene akufuna kuti mtengo ugwere, kenaka amacheka kumbuyo pamwamba pang'ono, n'kusiya pakati chigawo chosadulidwa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kunenepa kwa thunthu, chimene chimagwira mtengo monga mmene mahinjesi amagwirira chitseko kuti ugwe molunjika. Asanayambe amalambula njira yothawira, yolowera chammbali cha kumbuyo, popeza tsinde limatha kudumphira m'mbuyo mtengo ukamagwa. Njira yachiwiri ndiyo kuphwasula mtengo kuchokera kumwamba, pamene wodula amakwera atadzimangirira ndi zingwe, n'kumadula nthambi ndi thunthu m'zidutswa zimene zimatsitsidwa pang'onopang'ono. Njirayi imatenga nthawi ndi anthu ambiri, koma ndiyo yokha yoyenera pamene pali nyumba, mpanda kapena mawaya pafupi.

Malipiro a ntchitoyi amasiyana malinga ndi zinthu zingapo zimene mwini nyumba ayenera kuzidziwa asanayambe kukambirana. Choyamba ndi msinkhu ndi kunenepa kwa mtengo; chachiwiri ndi malo amene waima, pakuti mtengo womwewo umadula ndalama zambiri ukakhala pakati pa nyumba kusiyana ndi ukakhala pamtetete; chachitatu ndi mkhalidwe wake, chifukwa mtengo wouma kapena wowola, ngakhale anthu amauyesa wosavuta, ndi woopsa kukwera ndipo sumvera kumene wodula akuulozera. Pali ndalama za zida, popeza makina ochekera amafuna petulo, oyilo ndi tcheni, zimene zonse zimachokera kunja, ndipo zinakwera pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pali ndalama zonyamulira nthambi ndi zinyalala, za zilolezo ngati zikufunika, ndi za chitsa, chimene odula ambiri sachiwerengera m'malipiro awo ngati sichinatchulidwe. Chitsa chosiyidwa pafupi ndi nyumba chimaitana chiswe, ndipo cha bulugamu, malaina kapena kesha chimaphukanso, kotero kuti pakapita zaka zochepa vuto limabwerera ndi mathunthu angapo m'malo mwa limodzi. Ntchito yadzidzidzi ya m'dzinja, mtengo utatsamira kale denga, imakhala yodula kuposa yokonzekera m'chilimwe.

Mbali ina ya ndalamazi imabwerera kudzera m'matabwa, mapolo ndi nkhuni, popeza m'dziko limene mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, palibe chidutswa cha mtengo chosowa wogula. N'chifukwa chake eni nyumba ambiri amapangana ndi ocheka matabwa kuti adule mtengo n'kutenga matabwa onse kapena ena monga malipiro awo. Mgwirizano wotere ndi wabwino pamene malo ndi otakasuka, koma uli ndi msampha pamene malo ndi opanikizana, chifukwa wocheka matabwa amapindula ndi chipika chachitali, choncho mtima wake umakhala pa kugwetsa mtengo wathunthu, pamene chitetezo cha nyumba chikufuna kuti udulidwe m'zidutswa zazifupi. Mwini nyumba ayenera kusankha yekha chimene chili chofunika, ndipo ngati ndi chitetezo, alipire ndalama ndi kuiwala za matabwa aatali.

Posankha wodula, mwini nyumba afunse kumene munthuyo anagwirapo ntchito yotere, aone ngati ali ndi zingwe zolimba, lamba wodzimangirira, chipewa choteteza mutu, magalasi, zotseka m'makutu ndi nsapato zolimba, ndipo ayerekeze malipiro a anthu awiri kapena atatu, pokumbukira kuti wotchula ndalama zochepa kwambiri kawirikawiri amakhala atachotsa zinthu zofunika. Mapangano alembedwe papepala pamaso pa mboni, atchule mtengo umene ukudulidwa, njira yodulira, mwini wa matabwa ndi nkhuni, wochotsa zinyalala ndi chitsa, wolipira ngati katundu wawonongeka, ndiponso kuti ndalama zotsala zidzaperekedwa ntchito ikatha. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2000 la chipukuta misozi cha anthu ovulala pantchito, limene limaika udindo pa olemba anthu ntchito, ndipo ngakhale pamene lamulo silinafike, mwini nyumba amene anatuma mnyamata wopanda zida kukwera mtengo wautali ndi chikwanje chokha sangathawe maso a mudzi ndi a banja la mnyamatayo ngozi ikachitika. Tsiku la ntchito anansi adziwitsidwe, ana atalikitsidwe, munthu mmodzi aime pa njira kuletsa odutsa, ntchito isachitike kukakhala mphepo kapena mvula, ndipo wodula asakhale ataledzera. Ngati mumtengomo muli njuchi, zichotsedwe kaye ndi odziwa ulimi wa njuchi.

[NYIMBO YAIFUPI]

GAWO LACHISANU: KUBZALA MTENGO WOYENERA PAMALO OYENERA

Mavuto ambiri amene afotokozedwa m'pulogalamuyi amayambira pa tsiku lobzala, ndipo mwambi wakuti kuongola mtengo m'poyamba umakhudzanso kusankha malo ake. Bulugamu amatha kutalika kupitirira mamita 30, amamwa madzi ambiri ndipo amagwetsa nthambi mosayembekezeka, choncho malo ake ndi kumunda wa mitengo, kutali ndi nyumba ndi zitsime. Kachere ndi mkuyu ali ndi mizu yamphamvu yofunafuna chinyezi, imene imalowa m'mapaipi a madzi oipa ndi kutukula makhoma. Pa nthaka ya makande, imene imafufuma ikanyowa ndi kung'aluka ikauma, mtengo waukulu wapafupi umaumitsa dothi la pansi pa maziko mbali imodzi, ndipo khoma limachita ming'alu. Muyeso wosavuta kukumbukira ndi wakuti mtengo waukulu utalikire nyumba ndi mtunda wosachepera msinkhu umene udzafike ukadzakula, ndipo pansi pa mawaya pasabzalidwe mtengo wautali uliwonse. Pa poloti laling'ono pamayenera mitengo yaifupi monga magwafa, malalanje, mandimu, mapapaya, chammwamba ndi mango omezanitsa, amene sakula kwambiri ndipo amabereka msanga.

Dziko lino limakhala ndi nyengo yobzala mitengo kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo chaka chilichonse, ndipo malangizo a mitundu yoyenera dera lililonse amapezeka kwa alangizi a zankhalango, amene ambiri mwa iwo amaphunzira ku koleji ya zankhalango ya ku Dedza, komanso ku bungwe lofufuza zankhalango la FRIM ku Zomba. Mwini nyumba amene wadula mtengo umodzi ayenera kubzala ingapo m'malo mwake ndi kuisamalira mpaka itagwira, pakuti kubzala kopanda kuthirira ndi kuteteza ku mbuzi ndi moto sikubwezeretsa kanthu.

MAWU OTSIRIZA

Pulogalamu ino ikupempha mwini nyumba aliyense kuti mvula isanayambe ayendere mitengo yonse ya pakhomo pake, aone tsinde, thunthu ndi nthambi, akambirane ndi anansi ake za mitengo ya m'malire, adziwitse a ESCOM za nthambi zoyandikira mawaya, ndipo afunse ku khonsolo, kwa mfumu kapena ku ofesi ya zankhalango asanadule mtengo uliwonse umene umwini wake kapena mtundu wake ukukayikitsa. Mtengo wathanzi usungidwe, wodwala usamaliridwe, ndipo woopsa uchotsedwe ndi anthu odziwa ntchito yawo, pa mapangano olembedwa. Omvera onse akupemphedwa kufikitsa uthengawu kwa anansi awo amene sanathe kutsegula wailesi lero.

[NYIMBO YOTSEKERA]